Mukufuna kukhala namulondola wa ndege zankhondo? Yambani mwagwirizana ndi masamu

Ndege yochoka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu imauluka mtunda wa makilomita pafupifupi 260, ndipo ulendo wonse umatha m'mphindi 45 zokha. Mukawerengera bwino, pa mphindi iliyonse ndegeyo imadula makilomita pafupifupi 6. Pa sekondi imodzi yokha imakhala itadutsa bwalo lonse la mpira.

Pa liwiro lotere palibe zoti tiime kaye pambali tifunse njira kwa amayi ogulitsa nthochi, ngati mmene timachitira mumsewu wa M5. Mumlengalenga mulibe zikwangwani, mulibe sitolo kapena mlatho woti muuzindikire mitambo ikatseka. Payenera kukhala munthu amene nthawi ina iliyonse akudziwa pamene ndege yafika, kumene ikulowera, mafuta amene atsala, komanso phiri limene lili kutsogolo ngakhale maso sakuliona.

M'magulu ankhondo a mayiko ambiri munthu ameneyu amamutcha navigeta. Pachichewa tingoti namulondola wa ndege. Ndakhala ndikumva achinyamata anzanga kuno ku Chintheche, ku Kande ndi ku Mpamba akukamba za ntchitoyi, ena ataiona m'mafilimu, ena ataiwerenga pafoni. Mafunso awo amafanana: kodi ntchitoyi ndi yotani kwenikweni, imafuna maphunziro anji, ndipo mwana wa msodzi wa m'mbali mwa nyanja angaifikire? Tiyeni tikambirane mosapita m'mbali, chifukwa ife a boma la Nkhata Bay nkhani ya kulondolera ndege inatikhudza kale, ndipo inatisiyira chipsera.

Ntchito yake imayambira pansi

Ambiri tikamva za ndege timangoganiza za payiloti, yemwe amagwira chiwongolero, kuidzutsa ndi kuitsitsa. Namulondola chiwongolero sachikhudza. Ntchito yake imayamba ndege isanalize n'komwe injini, iye ali patebulo ndi mapu, pensulo ndi lipoti la zanyengo.

Amajambula mzere wa ulendo n'kuugawa zigawozigawo. Pa chigawo chilichonse amalemba mbali imene mphuno ya ndege iyenera kuloza, mphindi zimene adzauluke, mafuta amene adzapse, ndi msinkhu wotsikitsitsa umene ndege ingaulukepo osagunda phiri kapena nsanja. Amasankhiratu bwalo lina lokatera ngati kumene akupita kutakhala kosaoneka, ndipo amaonetsetsa kuti mafuta okafikira kumeneko alipo, kuphatikizapo ena apadera.

Ndege ikadzuka, iye amakhala akuyerekeza zimene analemba pansi paja ndi zimene zikuchitika. Ngati mtsinje umene amayenera kuudutsa pa mphindi ya 12 audutsa pa mphindi ya 14, ndiye kuti mphepo ikuwabweza, ndipo mawerengero onse a mafuta ayenera kusintha pompo.

Pa ndege zankhondo pamakhalanso zina. Namulondola ndi amene amawerengera malo ndi sekondi yoponyera katundu kapena asilikali odumpha ndi parachuti. Ndi amene amatsogolera ndege yofunafuna anthu otayika panyanja kuti isamangozungulira malo amodzi n'kusiya ena osaunikidwa. Pa ndege zina amayang'aniranso rada ndi zida zodziwira mdani.

Taganizani za namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene misewu ndi milatho ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje inakokoloka, ndipo midzi ina inkafikirika ndi helikopita basi. Mudzi womizidwa suoneka monga ulili pamapu. Msewu umene ukanakulondolera uli pansi pa matope. Kuti thumba la ufa lifike kwa anthu amene akhala masiku atatu osalawa kanthu, wina m'ndegemo amayenera kudziwa kuwerengera.

Asodzi athu amazidziwa kale

Chosangalatsa n'chakuti phata la nzeru imeneyi si lachilendo kuno kunyanja. Asibweni anga, monga timawatchulira amalume kwathu kuno, anayamba kupha utaka ndi usipa ine ndisanabadwe, ndipo kampasi sanaigwirepo. Koma mukakwera nawo boti amakafika ndendende pachirundu, mwala wa pansi pa madzi pomwe utaka umasonkhana, malo oti pamwamba pake palibe chizindikiro chilichonse.

Amachita bwanji? Amayang'ana kumtunda. Akaona mtengo wakutiwakuti walunjikana ndi nsonga ya phiri, amadziwa kuti ali pamzere woyamba. Akatembenuka n'kuona thanthwe lina lalunjikana ndi denga la tchalitchi, umenewo ndi mzere wachiwiri. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pomwepo, ponyani chilimira.

Kusukulu za anamulondola amaphunzitsa zomwezi. Kungoti mmalo mwa mtengo ndi phiri amagwiritsa ntchito nsanja za wailesi zimene zili pansi, zotchedwa VOR ndi NDB. Chida cha m'ndege chimaonetsa mbali imene nsanja iliyonse ili, namulondola amajambula mizere iwiri pamapu, ndipo pamene yapingasana ndi pamene ndege ili. Chida china, DME, chimauza mtunda wotsala kuti ufike pansanjapo.

Usiku wopanda mwezi, siginala akamatsogolera anzake kukapha usipa ndi nyali, mapiri saoneka. Iye amasunga m'mutu nthawi imene wapalasa, mbali imene analoza pochoka padooko, ndi mphamvu ya mwera umene ukumukankhira chakumpoto. Pophatikiza zitatuzi amadziwa pamene ali. Pachingerezi njira imeneyi amaitcha dead reckoning, ndipo ndi phunziro loyamba la namulondola aliyense padziko lapansi.

Koma tisanamizane, kusiyana kulipo. Bwato likasochera ukhoza kuleka kupalasa, n'kudikira kuti kuche. Ndege siima. Ukamaganiza, iyo ikupitabe, ndipo mafuta akupsabe.

Masamu a mumlengalenga

Tiyeni tione chifukwa chake masamu sangazembeke pantchitoyi. Kampasi ili ndi madigiri 360. Kulakwitsa ndi digiri imodzi kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma pali lamulo limene namulondola aliyense amaliloweza: ukaphonya ndi digiri imodzi, pa makilomita 60 aliwonse umapatuka ndi kilomita imodzi. Pa ulendo wa Lilongwe mpaka Mzuzu, digiri imodziyo ikutaya makilomita oposa 4. Madigiri asanu akutaya makilomita oposa 20.

Kenako pali mphepo. Tinene kuti mphepo ya makilomita 40 pa ola ikuomba ndege cham'mbali, ndipo palibe amene waiwerengera. Pakutha pa mphindi 45 ndegeyo yakankhidwa makilomita 30, pafupifupi mtunda wa pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay mukawongola ngati mbalame. N'chifukwa chake mphuno ya ndege nthawi zambiri siloza ndendende kumene ikupita, imapendekera pang'ono kumene mphepo ikuchokera, monga mmene wopalasa bwato amachitira podula mafunde. Kupendekera kwake kukhale kwa madigiri angati? Amenewo ndi ma vector ndi trigonometry amene tinkawathawa ku Folomu 3 ndi 4 aja.

Msinkhu nawo uli ndi msampha wake. Chida choonetsa kukwera kwa ndege sichiyeza mtunda wochokera pansi, chimayeza kulemera kwa mpweya. Mpweyawo umasintha ndi nyengo, ndiye woyendetsa amayenera kulowetsa nambala yolondola imene apatsidwa ndi apabwalo. Akalakwitsa ndi manambala 10 okha, chidacho chimanama ndi mamita oposa 80. Pamwamba pa nyanja sizingakupweteke. Pamwamba pa mitengo ya paini, m'chifunga, mamita 80 ndi moyo wa anthu.

Onjezani izi: mtunda amauyeza m'mamailosi a panyanja, imodzi kukhala mamita 1,852. Msinkhu amauyeza m'mafiti. Nthawi amagwiritsa ya UTC, imene ili kumbuyo kwa nthawi yathu ndi maola awiri. Zonsezi uzisinthe m'mutu, injini ikulira, ndege ikugwedezeka, wailesi ikuyankhula m'makutu.

Zimene Chikangawa inatiphunzitsa

Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pabwalo la Kamuzu cha m'ma 9:17 m'mawa, ndipo imayembekezeka kutera ku Mzuzu 10:02. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ankabwera kwathu kuno, kumaliro a loya Ralph Kasambara m'mudzi wa Chijere m'boma lino la Nkhata Bay. Sanafike. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Pakati pawo panali asilikali atatu oyendetsa ndi kusamalira ndegeyo: Colonel Owen Sambalopa, Major Flora Selemani ndi Major Wales Aidin.

Bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, BFU, linatulutsa lipoti lake lomaliza mu June 2025. Linapeza kuti ndegeyo, imene inkauluka motsata malamulo odalira maso, inalowa m'nyengo yosaoneka kutsogolo n'kugunda mtunda wokwera. Linatchulanso kuuluka motsika nyengo ili yoipa, kusazindikira bwino pamene ndege inali poyerekeza ndi mapiri, ndi kukonzekera ulendo kosakwanira. Ofufuzawo anapezanso kuti ndegeyo inalibe zida zojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege, ndipo batire la chida cholira ndege ikagwa linali litatha ntchito mu 2004. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Justice Jabbar Alide, mu December 2024, nayo inaloza nyengo yoipa ndi zochita za anthu.

Ndikudziwa kuti Amalawi ambiri akadali ndi mafunso pa ngoziyi, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Sindikulemba izi kuti ndiweruze anthu amene sangadziyankhire, amene anatumikira dziko lino zaka zambiri. Ndikulemba chifukwa wachinyamata wofuna ntchito ya mumlengalenga ayenera kumvetsa dera limene adzaulukemo.

Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamsinkhu wa nyanja yamchere. Bwalo la ndege la Mzuzu lili pa mamita pafupifupi 1,250. Mapiri ena a Viphya amapitirira mamita 1,800. Nthawi ya mwera, kuyambira May mpaka August, mphepo imatola chinyezi panyanja n'kuchikankhira kumapiriko. Mpweya ukamakwera umazizira, chinyezi chija n'kusanduka chifunga. Inu muli ku Kande dzuwa likuwala, mukuyanika usipa pathandala, koma kumtunda kuja woyendetsa galimoto sakuona ngakhale mamita 20 kutsogolo. Amene anadutsapo ku Chikangawa mwezi wa June akudziwa zimene ndikunena.

Malamulo a kauluke alipo awiri. VFR ndi kuuluka ukuona pansi ndi kutsogolo. IFR ndi kuuluka podalira zida, pamsinkhu woikika umene uli pamwamba pa mapiri onse a m'njiramo. Ngozi zambiri padziko lapansi zimachitikira pakatikati pa awiriwa, munthu atanyamuka modalira maso kenako mitambo n'kumutsekera. Namulondola wabwino amaphunzitsidwa kunena mawu amene aliyense safuna kuwamva, akuti tibwerere, ngakhale kumbuyo kutakhala bwana wamkulu amene akufulumira. Kulimba mtima kumeneko ndi gawo la maphunziro, ndipo n'kovuta kuposa masamu.

Nanga kuno kwathu mpandowo ulipo?

Apa ndiye tinene chilungamo. Gulu lathu la asilikali a mumlengalenga, limene linayamba mu 1976 mothandizidwa ndi dziko la Germany, ndi laling'ono. Lili ndi malo ake ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kunyamula anthu ndi katundu, kupulumutsa anthu pangozi ndi kuthandiza asilikali apansi. Ndege ngati Dornier 228 zinapangidwa kuti ziziyendetsedwa ndi mapayiloti awiri. Zilibe mpando wapadera wa namulondola. Ntchito yolondolera njira amagawana awiriwo: wina akugwira chiwongolero, mnzake akuyang'ana mapu, zida ndi wailesi.

Si kuno kokha. Ndege zambiri zatsopano padziko lonse zinachotsa mpando umenewu chifukwa makompyuta anatenga gawo lalikulu la mawerengero. Ku America dzina loti navigeta m'gulu lankhondo la mumlengalenga linalowedwa m'malo ndi Combat Systems Officer, munthu wophatikiza kulondolera njira ndi kuyendetsa zida zankhondo ndi zamagetsi.

Ndiye kuti maloto athera pamenepa? Ayi ndithu. Mpando ukhoza kusowa koma ntchito ilipo, ndipo yangosamukira m'manja mwa anthu ambiri. Payiloti aliyense wa MDF ndi namulondola. Wokonza mapulani a ulendo pansi ndi namulondola. Woyendetsa drone, woyang'anira ndege pansanja ya pabwalo, ofisala woyendetsa boti la asilikali a pamadzi ku Monkey Bay, onsewa amadya masamu omwewa. Mmalawi wofuna ntchitoyi asamafunefune dzina, afunefune luso.

Khomo lolowera

Palibe amene amalembedwa usilikali mwachindunji ngati namulondola kapena payiloti. Umayamba wakhala msilikali, ndipo ntchito za m'chipinda choyendetsera ndege zimagwiridwa ndi maofisala. Maphunziro a usilikali ndi a uofisala amachitikira ku Malawi Armed Forces College, MAFCO, ku Salima. Kumeneko ndi kuthamanga, kunyamula katundu wolemera, kugona kutchire, kuwerenga mapu ndi kampasi usiku, ndi kuphunzira kutsogolera anthu uli wotopa ndi wanjala. Ukapambana kumeneko m'pamene akuluakulu amaona nthambi imene ukuyenera, ndipo osankhidwira ku ndege amapitiriza maphunziro apadera, ena mpaka kunja kwa dziko.

Zoyenereza zimalembedwa pachidziwitso chimene MDF imatulutsa ikamalemba anthu ntchito: zaka zakubadwa, msinkhu, ndi maphunziro. Zimene sizisintha n'zakuti ukhale nzika ya Malawi, ukhale utakwanitsa zaka 18, ukhale ndi satifiketi ya MSCE, thupi lako likhale lathanzi, ndipo usakhale ndi mbiri yopalamula milandu. Amene ali ndi digiri amakhala ndi mwayi wolowera khomo la uofisala. Kwa wofuna za ndege, Masamu, Fizikisi, Jogalafe ndi Chingerezi ndiwo mafuwa ake. Popanda amenewa mphika sukhala.

Chingerezi ndachitchula dala. Chiyankhulo cha pawailesi ya ndege padziko lonse ndi Chingerezi, ndipo bungwe loona za maulendo a pandege la ICAO limafuna kuti oyendetsa ndege zodutsa malire afike pa Level 4. Si Chingerezi chokometsera ngati cha pa ukwati ayi. Ndi chachidule, chomveka, choti munthu wa ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka akumve kamodzi n'kamodzi. Zilembo zili ndi mayina ake, Alfa, Bravo, Charlie, mpaka Zulu, ndipo mukhoza kuziloweza lero lomwe pafoni yanuyo.

Chenjezo limodzi, abale anga. Nthawi iliyonse MDF ikalengeza zolemba anthu ntchito, pamatuluka akamberembere pa WhatsApp ndi pa Facebook, odzitcha mabwana, olonjeza malo mukatumiza kangachepe pafoni. Kulembedwa usilikali n'kwaulere, ndipo a MDF eni ake akhala akuchenjeza za zimenezi. Makolo ena agulitsapo mbuzi, ena ukonde, ndalama n'kupita ndi mphepo. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule, kafunseni ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kupolisi. Paja safunsa anadya phula.

Thupi ndi mutu

Mayeso a kuchipatala a anthu ouluka ndi okhwima kuposa a msilikali wamba. Amayeza maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi, mapapo ndi msana. Pali mayeso amodzi amene amagwetsa anyamata ambiri osayembekezera: kusiyanitsa mitundu. Amakuonetsa timadontho tamitundumitundu mmene mwabisika nambala, mayeso otchedwa Ishihara. Pali anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osatha kusiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo amakula osadziwa. Pandege nyali ya phiko lakumanzere ndi yofiira, ya lakumanja ndi yobiriwira, ndipo mapu ndi zida zonse zimayankhula ndi mitundu. Ngati mukulota ntchitoyi, kayezetseni maso msanga kuti mudziwe pamene mwaima.

Makutu nawo asamalireni. Mahedifoni okweza mpaka kumapeto tsiku lonse, kuima pafupi ndi sipika kudansi usiku wonse, zimenezi zimadya makutu pang'onopang'ono ndipo sabwerera. Chamba ndi mowa wa m'masacheti ndiye osayamba n'komwe.

Kenako pali mayeso a mutu: kuwerengera msanga popanda kakyuleta, kuona chithunzi n'kuchitembenuza m'maganizo, kuchita zinthu ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi osasokonezeka. Palinso chinthu china chimene wophunzira aliyense amadabwa nacho. Ukalowa mumtambo, thupi limanama. Khutu lamkati limakuuza kuti ndege yawongoka pamene ikupendekera. Maphunziro a kuuluka ndi zida amakuphunzitsa kukana zimene thupi lako likumva n'kukhulupirira singano ya pachida. Si zapafupi.

Kwa asungwana a ku Bandawe, ku Usisya ndi kwina konse: khomoli si la amuna okha. Major Selemani anali m'chipinda choyendetsera ndege ya asilikali. Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni wa ndege zonyamula anthu. Masamu sadziwa kuti uyu wavala siketi.

Anzathu akunja amaphunzira bwanji

Ku South Africa kuli sukulu yakeyake ya anamulondola a ndege zankhondo, 80 Air Navigation School, pabwalo la Ysterplaat ku Cape Town. Olowa kumeneko amayenera kukhala atakhoza masamu ndi sayansi ku sekondale, ndipo amayamba ndi maphunziro a usilikali ndi uofisala asanakhudze mapu a ndege. Ku America maphunziro a Combat Systems Officer amachitikira ku Pensacola m'chigawo cha Florida, amatenga pafupifupi chaka, ndipo munthu amayenera kukhala ndi digiri komanso kukhala ofisala asanayambe.

Kulikonseko ndondomeko imafanana. Amayamba m'kalasi: zanyengo, mapu, malamulo a mumlengalenga, kagwiridwe ntchito ka injini ndi zida, ndi mmene thupi limachitira mpweya ukachepa. Kenako amalowa mu simulator, chipinda chofanana ndi cha ndege koma chili pansi, mmene mphunzitsi amakuzimitsira zida dala kuti aone ngati ungafikebe. Pomaliza m'pamene amauluka zenizeni, usana, usiku, motsika pakati pa mapiri, ulendo uliwonse uli mayeso. Ofooka amatsitsidwa panjira, ndipo palibe kudandaula.

Kwa abale athu amene ali ku Joni ndipo akuganiza zolowera kumeneko, dziwani kuti gulu lankhondo la South Africa limalemba nzika zake zokha. Mmalawi angafike kusukulu zankhondo za kumeneko pokhapokha atatumizidwa ndi MDF, osati podzilembera yekha.

Koma GPS ilipo, wina atero

Eya, ilipo, ndipo foni yanuyo ikhoza kukuuzani pamene mwaima. GPS imadalira masetilaiti osachepera 24 amene akuzungulira pa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo chida chimafuna kumva anayi kuti chidziwe malo ndi msinkhu. Koma mawu ochokera kutali choncho amafika ofooka, ndipo kumadera ankhondo adani amawatsekereza kapena kutumiza abodza kuti ndege ione ngati ili kwina. N'chifukwa chake magulu ankhondo amaphunzitsabe mapu, wotchi ndi kampasi.

Chinanso, GPS imakuuza pamene uli, koma sikupangira chiganizo. Ndege ya ku Chikangawa ija inali ndi GPS, ndipo ofufuza anagwiritsa ntchito zimene inasunga pojambula njira imene inadutsa. Chida chimapereka nambala. Kubwerera, kukwera kapena kupitirira, amasankha ndi munthu.

Poyambira pake

Ngati muli ku sekondale, musathawe Masamu ndi Fizikisi posankha maphunziro ku Folomu 3. Ndikudziwa kuti m'masukulu ambiri oyendera kuno kunyanja labu kulibe, ndipo mphunzitsi wa sayansi amakhala mmodzi sukulu yonse. Limenelo ndi vuto lenileni, ndipo aphungu athu ndi khonsolo ayenera kuliyankha, chifukwa mwana wa ku Usisya amalemba mayeso omwewo ndi mwana wa ku Lilongwe. Koma podikira yankho, pangani magulu owerengera limodzi, funani mapepala a mayeso akale, ndipo bandulo imene mumathera pa TikTok igaweniko pawiri.

Ngati munamaliza Folomu 4, makomo oyandikana ndi ntchitoyi alipo. Ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo amaphunzitsa zanyengo. Ku Mzuzu University kuli maphunziro oyeza malo ndi kupanga mapu. Ku Monkey Bay kuli Marine Training College yophunzitsa kuyendetsa sitima, luso limene limafikitsa Ilala ku Usisya ndi ku Likoma. African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, yaphunzitsa achinyamata ambiri kuyendetsa ma drone ndi kuwerenga zithunzi za mumlengalenga. Pepala lochokera kumalo ngati amenewa limakupatsa poyambira, kaya MDF yakutenga kaya ayi.

Ndipo pali sukulu ina yaulere imene ili padooko. Pemphani asodzi achikulire akuonetseni mmene amapezera chirundu, mmene amadziwira kuti mwera ukubwera nyanja ikadali bata. Kenako tsegulani mapu pafoni muone ngati mungajambule mizere yawo ija. Yesani kulosera mphindi zimene minibasi itenge kuchoka pa Chintheche kufika pa Mpamba, muone kuti mwaphonya ndi zingati komanso chifukwa chake. Ndi masewera, koma ndi mmene mutu wa namulondola umakulira. M'mera m'poyamba.

Kwa akuluakulu a boma, pempho langa ndi limodzi. Tikamalimbikitsa ana athu kulowa ntchito ya mumlengalenga, tiwapatse ndege zokhala ndi zida zochenjeza phiri likayandikira, malipoti a zanyengo ofika pa nthawi yake, mabwalo okhala ndi zida zothandiza kutera kukachita chifunga, ndi mabatire osinthidwa tsiku lake likakwana. Tiwapatsenso ufulu wonena kuti lero sitiuluka popanda kuopa kuti mawa aitanidwa ku ofesi. Achinyamata ofuna ntchitoyi alipo, ndipo ena mwa iwo usiku uno ali panyanja ndi nyali, akuwerengera mphepo.